Chaka Chimene Anatiletsa Kunyozana

Ndinagwira ntchito zaka zambiri pakampani ina yosoka mayunifolomu ku Heavy Industrial Area, kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu, kumene fumbi la malole limakupeza ngakhale m'kapu ya tiyi. Tinkasoka maovolosi a m'mafakitale, mathalauza a alonda ndi madiresi a ana asukulu. Ine ndinali wodula. Nsalu iliyonse inkayambira patebulo langa, ndipo ndikalakwitsa ine, onse a pambuyo panga ankasoka cholakwikacho mwaluso kwambiri.

Makina oyandikana ndi tebulo langa anali a mayi wina wa ku Kasama, wokhala ku Kabwata, wamfupi, wa pakamwa posatseka. Ine kwathu ndi ku Katete, ngakhale ndakalambira m'tauni muno. Iye Mbemba, ine wakum'mawa, ndiye kuti ndife a chimbuya. Akuluakulu amati makolo athu anamenyana kalekale, ndipo atatopa anagwirizana kuti nkhondo yotsalayo tizimalizira pakamwa. Mbuya wako, mnzako wa chimbuyayo, ukhoza kumuuza chilichonse, iye saloledwa kukwiya. Iwo amati ife timadya mbewa, zomwe n'zoona ndipo sitichita nazo manyazi. Ife timati iwo amadya anyani komanso ali ndi manja aatali, zomwe amakana, koma amakana akuseka. Maliro akagwa pakhomo pako, ndi mbuya yemweyo amene amabwera kudzaphika, kudzatsuka mbale, kudzakunyoza mpaka useke, kenako n'kukuthira ufa kumutu.

M'mawa uliwonse ntchito inkayamba chimodzimodzi.

"Shani ba kawalala," ndinkatero ine, kulonjera wakubayo m'Chibemba chake, ndikupachika chikwama changa pamsomali wakutali ndi iye. "Lelo mwabwela na chani cha bene?"

"Iwe kamba bwino," ankayankha osadzutsa n'komwe mutu. "Yamba wachosa muchila wa mbeba uli pa mano."

Mlendo akanati tikudana. Koma ntchito yonse inkayendera pakamwa pomwepo. Ndikadula mkono waufupi, iye ankaunyamula m'mwamba kuti shopu yonse ione. "Ba Katete, iyi ovolosi ni ya muntu olo mwapimila mbeba?" Anthu n'kufa nacho chiseko, ine n'kudulanso wina, nkhani yatha. Iye akasoka thumba lopendekeka, ndinkamufunsa ngati walipendeketsa dala kuti dzanja lake lizilowamo bwino. Ankamasula ulusiwo akunyoza anthu onse a m'mbali mwa msewu wa ku Chipata. M'shopumo Abemba ndi akum'mawa tinali ochuluka mofanana, kuphatikizapo Mtonga wina ndi Mlozi wina amene anali ndi chimbuya chawochawo pamakina a mabatani. Panalibe cholakwika chimene chinkafika kwa wosita munthu asanachiseke.

Mwini kampani, mdala wa ku Petauke, anali katswiri pa zimenezi. Akamadutsa pamakina a mbuya wanga ankagwira matumba ake onse awiri mpaka atapitirira. Ngakhale atate anga, amene ndinkakhala nawo ku Chelstone chimwalirire amayi, anali m'gulu lomwelo. Anali mkulu wa mpingo, munthu wa jekete ngakhale mu Okutobala, koma mbuya wanga akangogogoda pageti Loweruka, ankakuwa ali pampando wawo kuti, "Bisani masipuni, afika!" Iye ankawabweretsera chikanda, chakudya cha kwawo, iwo n'kuchitembenuza uku ndi uku kuti aone ngati mulibe chala cha nyani, kenako n'kudya chonse osandigawira. Tsiku lina atate anamuuza ine ndili pomwepo: "Iwe mwana, tsiku langa likadzafika, ufa udzathire ndiwe. Koma ubwere ndi wako, usadzabe wathu."

Kenako mdala wa kampani anayamba kudwaladwala, napita kukapuma kufamu yake kunja kwa tauni. Mpando unatsalira mwana wake wamkazi, amene anakulira kunja kwa dziko ndi amayi ake ndipo anabwerako ndi maphunziro a kayendetsedwe ka anthu pantchito. Tinkawatcha ba madamu. Ndisawanamizire, sanali munthu woipa. Anakonzetsa chimbudzi chimene chinatizunza zaka, anaika mafani, anandigulira sizasi yatsopano yodula khaki ngati pepala. Vuto lawo linali limodzi lokha: ankafuna kuti tikhale timu. Ife tinkadziwa kuti timu ndi ya mpira.

Anakhoma chikwangwani pamwamba pa wotchi, cholembedwa m'Chingerezi mawu akuluakulu onena za ulemu, umodzi ndi chilungamo. Anatigawira matisheti obiriwira olembedwa mawu omwewo kumsana, matisheti amene tinasoka tokha. Ndiye Loweruka lina anatinyamula tonse pabasi kupita kumalo ena a kapinga ku Woodlands, akuti tikaphunzire kukhulupirirana.

Wotiphunzitsa anali bambo wina wa mawu okoma, wovala thalauza lopindidwa molakwika m'munsi. Osoka tonse tinaona nthawi yomweyo, ndipo zambiri zimene ananena sitinazimve chifukwa maso athu anali pampendero. Atatiponyetsa mpira ndi kutiombetsa m'manja ngati ana a Sande sukulu, anati aliyense apeze mnzake, amufulatire, atsinzine, n'kudzigwetsa chagada kuti mnzakeyo amuwakhe. Ine, mayi wa thupi langali, wa m'chigwirizano cha amayi kutchalitchi, kudzigwetsa chagada pakapinga wa eni ake! Ndipo ngati kuti zimenezo n'zochepa, kumbuyo kwanga anaikako Mbemba.

Ndinayamba ndavula ndolo n'kuzibisa m'kamisolo, chikwama n'kuchimangirira pamimba ndi chitenje. Mbuya wanga anaona zonsezo.

"Gwa iwe," anakuwa. "Nizakugwila. Koma ngati wadya mbeba zambili kuseni, nikusiya. Sinifuna kutyoka musana pa mulandu wa muntu wa ku Katete."

Ndinagwa ndikuseka, anandiwakha, tonse awiri tinakathera pansi miyendo m'mwamba. Anthu anagubuduka ndi phwete, ngakhale bambo wa thalauza uja. Amene sanaseke anali ba madamu okha.

Lolemba mbuya wanga anaitanidwa ku ofesi n'kupatsidwa chenjezo, akuti wanyoza mnzake chifukwa cha mtundu wake. Masana kunachitika mitingi. Kuyambira tsiku limenelo, panalibenso kutchula mtundu wa munthu, kwawo kwa munthu, kapena zimene amadya kwawoko. Mtonga wa mabatani anakweza dzanja kufunsa ngati lamuloli likukhudzanso Alozi, poti iwo, m'kuona kwake, si anthu kwenikweni. Anamuuza kuti funsolo likhale lomaliza.

Mbuya wanga anayesetsa, Mulungu ndi mboni. Koma patangopita masabata ochepa, nthawi ya nkhomaliro, anatsegula kabokosi kanga ka chakudya, anasuzumiramo, n'kuyamba kulira ngati mphaka. Sanatchule liwu ndi limodzi lomwe. Tsoka ilo, ba madamu anali ataima pakhomo, ndipo anali atafunsa kale kuti nkhani ya mbewa imatanthauza chiyani. Chenjezo lachiwirili linali lomaliza. Akadzangondinyozanso kamodzi, kaya m'shopu, kaya kulikonse kumene antchito akumana, ntchito yatha. Mayiyu analibe mwamuna. Ankalera ana ake ndi a malemu mng'ono wake m'kafulati ka ku Kabwata, ndipo pakamwa ponsepo pankadyera makina amodzi aja.

Ndinapsa mtima, ndinasiya sizasi patebulo n'kulunjika ku ofesi. Ndinawauza kuti inenso ndimamunyoza, mwinanso kuposa iye. Ba madamu anandikhazika pampando wofewa, anandipatsa madzi ndi tishu, n'kundiuza m'Chingerezi chapansipansi kuti ndisaope. Anati anthu ozunzidwa nthawi zambiri amaikira kumbuyo owazunza, anaphunzira zimenezo kusukulu.

"Ba madamu, ine sinizunzika," ndinatero. "Nimvela bwino maningi."

Anagwedeza mutu mwachisoni, n'kunena kuti zimenezonso ozunzidwa amanena.

Ndinaganiza zowaonetsa ndi maso. Ndinaitana mbuya wanga, ndipo pamaso pa ba madamu ndinamuuza kuti agogo ake anaba mpaka mthunzi wa mtengo wa eni, ndi kuti anyani a ku Kasama akamva kuti wabwera kutchuthi amasamukira ku Tanzania. Cholakwika chinali chakuti ine ndikakwiya ndimalankhula Chichewa cha ku Katete, chakuya, m'mawu ofatsa a kutchalitchi, manja nditawapinda pamimba. Ba madamu, amene Chinyanja chawo chinkathera pamoni ndi timawu ta m'tauni, anaona ngati ndikumukhululukira. Maso awo anachita kulengeza misozi. Anauza mbuya wanga kuti atengere chitsanzo pa ine. Iye, m'kamwa mutadzaza mayankho amene sakanatha kutulutsa, anangoti, "Zikomo ba madamu."

Kuyambira pamenepo m'shopu munagwa ulemu woopsa, tikutchana ba mayo, ndiye kuti amayi m'Chibemba. "Mwauka bwanji ba mayo?" "Nauka bwino, kaya imwe." Basi. Makina okha ndiwo ankalankhula. Lachisanu lililonse tinkaima mozungulira, aliyense n'kunena chinthu chabwino chokhudza amene waima kumanja kwake. Mbuya wanga ankayang'ana kudenga ngati akumeza mankhwala owawa, n'kuti, "Aba ba mayo badula bwino." Ine n'kuti, "Aba ba mayo ni bokulupilika." Mawu amenewo ankandikanda pakhosi mpaka Lolemba. Ba madamu ankaomba m'manja, akuti mtendere wabwera.

Mungafunse kuti bwanji sitinkanyozana panjira, tili awiriwiri. Ndinayesa. Tsiku lina tikugula tomato kumsika wa Soweto, ndinauza wogulitsa kuti awerengenso katundu wake poti pali Mbemba pafupi. Mbuya wanga anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Anati akazolowera panja adzaiwala m'kati, ndiye kuli bwino adzimange kulikonse. Ndinakwera minibasi ya ku Chelstone mtima ukuwawa. Munthu amene wakutcha wodya mbewa zaka zonsezi akayamba kukutcha ba mayo, umamva ngati wasamuka osakutsanzika.

Nthawi yomweyo atate anagonekedwa m'chipatala. Kale akangokhosomola, mbuya wanga ankafunsa kuti, "Mudala uja akali kutisautsa? Muuze asafe mwezi uno, nilibe chitenge cha malilo." Ndinkapita nawo mawuwo kunyumba, atate n'kuseka, n'kuitanitsa tiyi. Tsopano anabwera kudzawaona atanyamula malalanje, anagwada pafupi ndi bedi, n'kuwapatsa moni ndi manja awiri. Atachoka, atate anandikodola.

"Mwana wanga, usandibisire. Adokotala akuuzani kuti ndikufa?"

"Ayi atate, bwanji?"

"Wakuba uja wandigwadira."

Ndinawafotokozera za chikwangwani ndi machenjezo. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anatembenukira kukhoma, n'kunena kuti malalanjewo ndipatse a pabedi linalo.

Mutu wanga unali kuchipatalako pamene tinalandira ntchito ya mathalauza a alonda a kampani ina. M'chiuno ndinapima bwino, koma utali ndinalemba ndi choko wa mathalauza a anyamata asukulu amene tinali titangomaliza. Ndinadula mulu wonse. Mbuya wanga anaona pathalauza loyamba lomwe. Masiku akale akanalivala kumutu n'kuzungulira nalo shopu yonse. Koma tsopano anene bwanji? Kwathu kuno, kuuza munthu wamkulu kwa iwe kuti walakwitsa, nkhope ili gwa, ndiko kunyoza kwenikweni. Kukanena ku ofesi ndiko kumuneneza. Anabwera nalo patebulo langa, anakhosomola pang'ono.

"Ba mayo, aya matalauzi, yali chabe bwino?"

Ine ulemu wakewo unali utandikwana kale. "Yali bwino," ndinayankha osayang'ana n'komwe.

Anabwerera, anasoka. Wa mazipi anaona, anakhala chete. A mabatani anayang'anana, anakhala chete. Wosita anasita bwinobwino, mizere yakuthwa, n'kupinda. Patapita masiku, kapitawo wa alonda anafika atatenga mlonda mmodzi wamtali ngati umboni. Munthu wa Mulungu anaima pakati pa shopu, thalauza litalekeza m'misongolo, masokosi obooka ali poyera. Panalibe amene anaseka, poti kuseka tinali titasiya. Tinangomuyang'ana mwaulemu. Ba madamu anaitanitsa mitingi ina, ndipo mutu wake unali wakuti tiziuzana zinthu momasuka.

Atate anamwalira mvula itangoyamba. Tinatulutsa mipando m'nyumba, amayi tinakhala pansi pabalaza, abambo mutenti panja. Abale anafika pabasi kuchokera ku Katete motsogozedwa ndi azakhali anga, mlongo wawo wa atate, amene chibadwire sananong'onepo.

Ba madamu anachita zonse zimene chikwangwani chawo chinkanena. Anabwera ndi antchito onse m'matisheti obiriwira, anabweretsa nkhuni, makabichi ndi maluwa. Ndipo anakhala. Tsiku ndi tsiku ankafika m'mawa atamanga chitenje chimene chinkangofuna kugwa, n'kukhala pansi pambali panga, miyendo itachita dzanzi, atandigwira dzanja. Ndinawayamikira, ndipo mpaka lero ndimawayamikira. Koma Abemba a mumsewu mwathu ataona galimoto ya ba madamu ndi gulu la yunifolomu, anaganiza kuti awa ndi maliro apamwamba, nangokhala duu. Mbuya wanga anagwira ntchito osapuma, kuphika, kutunga madzi, kutsuka mbale. Akalowa m'nyumba ankagwada patsogolo panga n'kuti, "Pepani ba mayo." Ndinkafuna kumugenda ndi nsapato.

Nyimbo zinaimbidwa, abusa analalikira, zonse zinayenda mwadongosolo. Koma m'nyumbamo munali mozizira, ndipo misozi yanga inakana kutuluka. Anthu ankabwera kudzandipepesa, ine n'kumangogwedeza mutu ngati kalaliki wa pabanki.

Azakhali ndiwo analephera kupirira. M'mawa wa tsiku loika maliro anayang'ana balaza lonse n'kufunsa mokweza.

"Kodi m'tauni muno Abemba anatha? Achimwene anga agona ngati mlendo wa m'hotela, wopanda ndi mmodzi yemwe womunyoza!" Kenako anatembenukira kwa ba madamu. "Nanga inu mayi wogwira dzanja, kwanu n'kuti?"

"Ku Kabulonga," anayankha ba madamu mwaulemu.

"Kabulonga si kwawo kwa munthu. Atate anu anabadwira kuti?"

Ndinawamasulira funsolo. "Petauke," anatero.

"Aa, ndiye ndinu wathu! Tambasulani miyendo, muli pakwanu."

Mbuya wanga anali pakhomo ndi beseni la makapu, ndipo anamva zonse.

Titabwerako kumanda, dzuwa lili paliwombo, tinasamba m'manja pageti n'kulowa. Ndinakhala pansi pamalo panga, ndipo maso anga anagwera pamsomali pamene panali popachika chipewa cha atate. Anthu anayamba kufunafuna nsapato zawo ndi zikwama. Ndinadziwa kuti akangonyamuka, ndiye kuti atate apita osanyozedwa, ngati munthu amene analibe abwenzi padziko. Zimenezo zinandiwawa kuposa dothi limene ndinaponya pabokosi.

Pamenepo mbuya wanga anatulukira pakhomo atanyamula kathumba kapulasitiki kodzaza ufa. Anaima. Anayang'ana ine, anayang'ana ba madamu. Ufawo ndinkaufuna kuposa chilichonse, koma ndinkaonanso ana a ku Kabwata aja, ndi mayunifolomu awo asukulu amene ankawasokera ndi zidutswa zotsala patebulo langa.

"Iwe, ganiza bana," ndinanong'ona.

Anaika kathumbako pansi. Anavula tisheti yobiriwira n'kutsala ndi bulauzi, anaipinda bwinobwino monga timapindira zopita kwa kasitomala, n'kuiika pamiyendo ya ba madamu.

"Ba madamu, nisungileniko iyi."

Kenako anatsegula pakamwa pamene panakhala potseka miyezi yonse ija.

"Ayenda mudala! Mbeba zonse za mu Chelstone lelo zivina, zapulumuka! Anatisautsa uyu muntu, na jekete yake mu Okotoba monga ali na ofesi kumwamba. Nanga masipuni mwabisa kuti? Chosani manje, mulonda wake sazabwela!" Apa mawu ake anasweka. Anatola kathumba kaja n'kukakweza molunjika pamsomali wa chipewa. "Ba tate, unga ni uyu. Ni wanga, nagula neka. Sininabe."

Anandithira kumutu, kumaso, m'khosi. Ndinaseka. Chisekocho chinatuluka ngati chifuwa, ndipo kumbuyo kwake kunabwera kulira konse kumene kunakana masiku onse aja. Ndinalira ngati mwana, nditakumbatira miyendo ya Mbemba, ufa ndi misozi zikupanga phala pamasaya. Azakhali anakuwa kuti tsopano maliro ayamba, ndipo sanamalize n'komwe, nawonso anali atathiridwa. Abemba a mumsewu mwathu atamva phokosolo anadzuka ngati akhala akudikira belu. Analowa m'khitchini mwanga, anakatapa ufa wanga, ndipo posakhalitsa mutenti monse akuluakulu a mpingo anali mbuu, akuthawa mozungulira mipando, majekete ali m'manja.

Azakhali, akuphethira movutikira, analoza ba madamu.

"Uyunso ngwathu! Wa ku Petauke uyu, musamusiye!"

Mbuya wanga anayang'ana ufa wotsala m'kathumba. Anayang'ana tsitsi la ba madamu, lolukidwa bwino kusaluni ya ku Kabulonga.

"Nchito yasila kudala," anatero, kutanthauza kuti inatha kale, n'kukhuthula wonse.

Ba madamu anakhala kanthawi ufa ukuyoyoka m'zikope, tisheti ija ili m'manja, akundiyang'ana ine ndikulira ndi kuseka nthawi imodzi. Kenako anaimirira, anakonza chitenje, anatuluka. Tinamva galimoto ikulira panja.

Nditabwerera kuntchito patapita masiku a chisoni, ndinapeza mbuya wanga atalongedza kale tinthu take m'pepala: kapilo kokhalira, kapu ya tiyi, kasizasi kodulira ulusi. Panalibe amene anamuuza kanthu, poti ba madamu sanaoneke chichokere pamaliro. M'mawa umenewo anafika, ndipo anatiitana tonse awiri.

Ndinalowa nditakonzekera nkhondo. Mawu ndinali nditawakonza m'minibasi njira yonse yochokera ku Chelstone, m'Chingerezi, kuti ulendo uno asaganize kuti ndikupemphera. Koma nditawaona ndinaiwala poyambira. Anali ataonda, maso ali ofiira. M'mizere ya tsitsi lawo munali mudakali toyera, poti ufa ukalowa m'malukidwe sutuluka msanga.

Anatiuza kuti tsiku lija sanapite kunyumba. Analunjika kufamu ali choncho, kuti atate awo akaone okha zimene antchito awo amachita. Mdalayo, amene anali atasiya kudya ndi kucheza kwa masabata, atangowaona anaseka mpaka nesi anabwera chothamanga. Anafunsa kuti wathira ndani. Atamva, anati ankadziwa, anagwira matumba a pijama yake, kenako anaitanitsa phala.

Ba madamu anatembenuzatembenuza cholembera. Ndiye anayamba kulankhula m'Chinyanja chawo chothyokathyoka, koyamba chibwerere pakampanipo.

"Ba dadi sibali bwino. Madokota bakamba ati ni pafupi. Ine kuno nilibe muntu. Siniziba vochita pa malilo." Anatulutsa tisheti yopindidwa ija m'kabati n'kuikankhira kwa mbuya wanga. "Siku ikafika, muzabwela?"

Mbuya wanga anatenga tishetiyo, anaitembenuza, anayang'ana msoko wa m'khosi ngati akufuna cholakwika, n'kupukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja.

"Nizabwela," anatero. "Koma unga nizaba mu kicheni yanu. Imwe ba ku Petauke muli nawo wambili."

Ba madamu anamuyang'ana nthawi yaitali, misozi ikutsika. Ndinaona milomo yawo ikufunafuna mawu.

"Nizabisa masipuni," anatero.

Chikwangwani chija sichinachotsedwe, chidakali pamwamba pa wotchi. Titatuluka mu ofesi, mbuya wanga anabwezera kapilo pampando wake, ndipo ine ndinachotsa chikwama changa pamene ndinachisiya n'kukachipachika pamsomali wakutali. Dzuwa lisanapendeke, anali atanyamula kale kolala ina m'mwamba, akufunsa shopu yonse ngati ku Katete anthu ali ndi makosi.

Mdala wa kampani anamwalira mvula isanathe. Ku Kabulonga, kuseri kwa mpanda wa mawaya amagetsi, mbuya wanga anakhuthula ufa wa m'khitchini mwa ba madamu monga analonjezera, ndipo iwo analira atamukumbatira miyendo, ine nditawagwira dzanja. Shuga wa m'tiyi pamaliro amenewo tinkatakasa ndi mipeni, chifukwa m'nyumba monsemo munalibe sipuni ndi imodzi yomwe.